Mwala ndi womwewo, nanga Angerezi mayina achulutsiranji?

Funso lachokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa Sitandade 7 m'boma la Dedza. Iwo akuti: "Ana m'kalasi anandifunsa kusiyana kwa rock ndi stone. Mtanthauziramawu amene ndili naye akungoti onse awiri ndi mwala. Ndinawauza kuti rock ndi wamkulu, stone ndi wamng'ono, koma mtima sunakhazikike chifukwa m'buku lina ndinawerenga kuti 'the boy threw a rock'. Chinanso, papepala la mmisiri amene akundimangira nyumba pali mawu akuti hardcore ndi aggregate, ndipo mng'ono wanga amene amasamalira okalamba ku Britain anandiuza kuti gogo wina amalemera 'nine stone'. Kodi miyala yonseyi ikukumana pati?"

Aphunzitsi, mtima wanu sunakunamizeni. Zimene munauza anawo si zabodza, koma n'zoperewera, ndipo tsiku lina mwana wochenjera adzakugwirani nazo. Ku England kuli malo otchedwa Stonehenge, kumene anthu akale anaimika miyala italiitali mozungulira. Ina mwa miyalayo ndi yaitali kuposa denga la kalasi yanu ndipo imalemera matani oposa 20, koma Angerezi onse amaitcha stones. Ndiye mukuona kuti kukula pakokha sikuthetsa mlandu.

Funso limene ndimauza ophunzira anga kuti azidzifunsa ndi ili: kodi dzanja la munthu lafikapo? Rock ndi mwala umene udakali pamene unalengedwera, wogwirana ndi nthaka, wosanyamulidwa, wosasemedwa. Stone ndi mwala umene wapatuka pa unzake, woti munthu angautole, angaugubuduze, angauseme, angaugwiritse ntchito. Kusiyana kumeneku ife tili nako kale, kungoti mtanthauziramawu wanuyo anafulumira. Tili ndi thanthwe, tili ndi mwala. Taganizirani malo aja kuseri kwa mudzi pamene amayi amayanika mphale ndi ufa, posalala, potentha moti mwana wopanda nsapato amadutsapo akudumphadumpha, pamene simungaloze pothera pake chifukwa mbali ina inalowa pansi. Pamenepo ndi pathanthwe, ndipo Mngerezi anganene kuti ufawo wayanikidwa "on the rock". Koma mafuwa atatu amene mayi yemweyo akhazikapo mphika madzulo ndi stones. Anawasankha yekha, anawanyamula, anawayesa ndi mphika kuti usapendekeke. N'chifukwa chake m'mapepala a mabungwe olimbikitsa mbaula mumawerenga mawu akuti "three-stone fire".

Chitsanzo chabwino koposa chili m'boma lanu lomwelo. Ku Chongoni kuli malo 127 okhala ndi zojambula zakale pamatanthwe ndi m'mapanga, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Dzina lake m'Chingerezi ndi Chongoni Rock Art Area. Zojambula zofiira zija amati n'za Akafula, zoyera n'za makolo athu Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Zonsezo ndi rock art, chifukwa wojambula ndiye anapita kumene thanthwe lili, thanthwe silinasunthe. Koma tizida takuthwa timene alenje akalewo ankagumula n'kusema kuti azisendera nyama timatchedwa stone tools, ndipo nyengo yawo imatchedwa Stone Age. Anthu ndi omwewo, phiri ndi lomwelo, koma liwu lasintha chifukwa chidacho chinalowa m'manja. Ngati sukulu yanu ingakwanitse kupita ndi ana kumeneko, phunziro la mawu awiriwa lidzatha asanabwerere.

Ku Zimbabwe zilinso choncho. Miyala yosanjikizana yokha ya ku Epworth pafupi ndi Harare, imene yakhala ikujambulidwa pa ndalama zawo zamapepala, ndi balancing rocks. Makoma a Great Zimbabwe pafupi ndi Masvingo, amene anthu anayala mwala pamwamba pa unzake popanda matope kapena simenti, ndi stone walls. Kuno kwathu, chimwala chooneka ngati njovu chimene mumachiona mukamadutsa ku Chikangawa chimatchedwa Elephant Rock, pakuti palibe anachiika pamenepo.

Kwa ana amene amapita ku Sande sukulu, Baibulo limathandiza kwambiri. Munthu wanzeru uja anamanga nyumba yake pathanthwe, ndiye rock. Davide anatola miyala isanu yosalala mumtsinje, ndiye stones. Ndipo pa Maliko 15:46 mawu onse awiri ali m'vesi imodzi: manda anasemedwa mu rock, koma chimene anagubuduzira pakhomo pa mandawo ndi stone, ngakhale chinali chachikulu moti amayi aja anayenda akufunsana kuti adzawachotsera ndani.

Mwina mungafunse kuti zinatheka bwanji kuti chilankhulo chimodzi chikhale ndi mawu awiri oyandikana chotere. Stone ndi mbadwa. Angerezi akale ankati stan, ndipo abale ake alipobe: Ajeremani amati Stein, Adatchi amati steen. Rock anakhazikika kudzera m'Chifalansa, mmene muli liwu lakuti roche, pambuyo poti anthu a ku Normandy alanda England mu 1066. Chingerezi chili ndi khalidwe losunga mbadwa ndi mlendo yemwe, kenaka n'kuwagawira ntchito pang'onopang'ono. Malire a ntchitozo sanalembedwe ndi komiti ina iliyonse, choncho amapindika malo ena.

Kupindika kwakukulu ndi kumene munakumana nako m'buku lija. Ndingakhulupirire kuti linalembedwa ku America. Kumeneko liwu lakuti rock linatsika kuchoka kuphiri n'kulowa m'thumba la mwana. Mwana wa ku America amatola rock, amaponya rock, amasunga rocks m'chitini. Mwana wa ku Britain amatola stone. Masukulu athu amatsata Chingerezi cha ku Britain, choncho polemba mayeso anawo alembe kuti "he threw a stone". Koma ndikupemphani, mwana akalemba "he threw a rock" musamuike chizindikiro chofiira ngati walankhula zopanda pake. Ameneyo wamva pa kanema kapena pa YouTube, ndipo wamva bwino. Muuzeni kuti ndi Chingerezi cholondola cha dziko lina, ndipo adziwe kuti walankhula cha kuti.

Tsopano za kukula, pakuti maganizo anu oyamba anali ndi pogwira. Chingerezi chili ndi mawu ena apadera onena za msinkhu wa mwala, ndipo amenewa ndi amene ana athu amasowa, n'kumangoti "big stone", "small stone" mpaka Fomu 4. Pebble ndi nsangalabwi, kamwala kosalala kozungulira kamene madzi akhala akukakhula zaka zambirimbiri, konga kamene mnyamata amasankhira legeni kapena atsikana amasewerera phada. Kusalala ndi mbali ya tanthauzo lake. Kamwala kosongoka kochita kuphwanyidwa ndi hamala si pebble, ndi chip kapena piece of stone. Cobble kapena cobblestone ndi wokulirapo, kuyambira ngati nkhonya mpaka ngati mutu wa mwana, ndipo m'mizinda yakale ya ku Ulaya ankayala miyala yotere m'misewu. Boulder ndi chimwala chachikulu chopatuka pathanthwe, chimene munthu mmodzi sangachinyamule, chonga zija zadzaza mumtsinje wa Likhubula ku Mulanje, kapena zimene madzi osefukira amatsitsa kuphiri n'kuzisiya m'minda ya anthu. Gravel ndi timiyala tambirimbiri pamodzi, tonga timene amathira mumsewu wopanda phula. Grit ndi tating'ono kwambiri tokhakhala, tija timalira m'mano mpunga ukapanda kusankhidwa bwino.

Akatswiri a miyala anaika manambala pa mawu amenewa. Mu 1922 katswiri wa ku America, Chester Wentworth, anasindikiza muyeso umene ukugwiritsidwabe ntchito. Pa muyeso umenewo boulder ndi woposa mamilimita 256 m'mimba mwake, cobble ndi wa pakati pa 64 ndi 256, pebble ndi wa pakati pa 4 ndi 64, granule ndi wa pakati pa 2 ndi 4, ndipo kutsika pa mamilimita 2 tafika pa sand, mchenga. Kupitirira apo kuli silt, dothi losalala ngati ufa limene mtsinje umasiya m'dimba, kenaka clay, dongo la woumba mbiya. Ana a Sitandade 7 safunika kuloweza manambalawa, koma rula ya masentimita 30 imene ali nayo m'chikwama ingawaonetse kuti mwala umene watsala pang'ono kufanana ndi rulayo wafika kale pa boulder.

Pa pepala la mmisiri wanu ndikhalapo pang'ono, chifukwa apa liwu lolakwika limadya ndalama ndi thukuta la anthu.

Zaka zapitazo ndinapatsidwa kalata ya bungwe lina kuti ndiimasulire. Bungwelo linkamanga midadada iwiri ya sukulu, ndipo mbali ya anthu a m'mudzi inali kupereka "sand, hardcore and aggregate". Ine ndinalemba kuti "mchenga ndi miyala", poona kuti mawu awiri omalizawo onse ndi miyala basi. Amfumu anamema anthu. Kwa milungu iwiri amayi ankatsikira kumtsinje m'mamawa, nkhata pamutu, kubwera ndi ndowa ndi mabeseni odzaza miyala yosalala yonga nkhonya, ena mwana kumsana. Mulu unakula mpaka kufika m'chifuwa mwa munthu wamkulu. Injiniya atabwera anatola mwala umodzi, nauzunguza m'manja, n'kunena kuti wakula kwambiri moti sungalowe mu konkire, komanso ndi woterera moti pansi pa silabu sungagwirane ndi unzake. Amayi omwewo anakhala pansi padzuwa ndi mahamala kuphwanya mulu wonse. Palibe anandiloza chala, koma ndinkadziwa kuti milungu imeneyo inatayikira pa cholembera changa. Kuyambira pamenepo sindimasulira liwu la amisiri ndisanafunse mmisiri kuti andionetse chinthucho.

Ndiye imvani. Hardcore ndi miyala ikuluikulu yogumula, nthawi zina pamodzi ndi zidutswa za njerwa zolimba, imene amayala m'kati mwa maziko n'kuitsendera mwamphamvu asanathire silabu. Ntchito yake ndi kunyamula kulemera kwa pansi pa nyumba kuti pasadzatitimire. Aggregate ndi zimene amasakaniza ndi simenti popanga konkire, ndipo zili pawiri: coarse aggregate ndi kwale, fine aggregate ndi mchenga. Pa konkire ya nyumba wamba kawirikawiri amafuna kwale wa mamilimita 20, ndipo mukaona palembedwa 1:2:4 ndiye kuti muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya kwale. Quarry dust ndi fumbi lokhakhala lotsala pogaya miyala, limene ambiri amaumbira mabuloko. Rubble ndi zigumukire za nyumba yogwa kapena miyala yosasema ya misinkhu yosiyanasiyana. Tipa ikabwera, musangowerengera kuti yadzaza. Tapani ndi dzanja, muone ngati kukula kwake kukufanana ndi kumene kwalembedwa, ndiponso ngati mulibe dothi, chifukwa dothi limalepheretsa simenti kugwira mwala.

Liwu lathu lakuti kwale lili ndi nkhani yake. Linachokera ku quarry, koma m'Chingerezi cha eni ake quarry si mwala ayi, ndi malo, dzenje kapena phiri limene amagumulako miyala. Ife tinatenga dzina la malo n'kulipereka kwa katundu wochokera kumaloko, ndipo tikabwerera ku Chingerezi timanena kuti "I bought two trips of quarry". Kuno aliyense amva, ndipo sindiona cholakwa polankhulana tokhatokha. Koma polembera munthu wakunja, iye adzaganiza kuti mwagula migodi iwiri. Pamenepo lembani crushed stone kapena quarry stone. Palinso quarry wina wotanthauza nyama imene mlenje akuithamangitsa. Ameneyo ndi liwu lina lochokera kwina, langofanana kalembedwe.

Pali zolakwa zitatu za galamala zimene ndimaziona chaka ndi chaka. Choyamba, mwala ukakhala chinthu chopangira, suwerengeka: timati "the church is built of stone", osati "of stones", ndipo nyumba yake ndi "a stone house", osati "a stones house". Chachiwiri, gravel, sand, grit ndi rubble salandira s kumapeto polankhula wamba. Ana amalemba "gravels" chifukwa m'mutu mwawo muli "timiyala", mawu ochulukitsa. Chachitatu ndi stony ndi rocky. Munda umene khasu limangolira ndi timiyala paliponse ndi stony. Malo amene matanthwe atulukira pamwamba, oti mbuzi zokha ndizo zimakondwa nawo, ndi rocky. Magombe a ku Cape Maclear kumene kumakhala nsomba za mbuna ndi rocky shore.

Anawo akadzafika ku sekondale adzapeza kuti m'phunziro la jogalafe liwu lolamulira ndi rock. Kwa katswiri wa sayansi chilichonse chopanga chikhungwa cha dziko ndi rock, kaya ndi phiri lonse la Mulanje mpaka pa Sapitwa pa mamita 3,002, kaya ndi kachidutswa kali patebulo. Amagawa patatu: igneous rocks, youma kuchokera ku chiphalaphala chamoto, sedimentary rocks, yopangika pamene mchenga, matope kapena zigoba zinaunjikana n'kutsenderana, ndi metamorphic rocks, imene kutentha ndi kupanikizika pansi pa nthaka zinaisintha. Palibe amene amati "igneous stones". Komabe adzadabwa kuona chiganizo chakuti "limestone is a sedimentary rock", mmene stone ndi rock akhalira limodzi. Chifukwa chake n'chakuti mayina onga limestone ndi sandstone anaperekedwa ndi anthu omanga ndi ootcha laimu kalekale, sayansi isanabwere kudzaika magulu ake. Limestone ndi mwala wa laimu, wonga umene unkakumbidwa ku Changalume ku Zomba popangira simenti.

Mawu ena atatu amasokonezeka m'manyuzipepala athu nkhani za migodi zikatentha. Mineral ndi chinthu chimodzi chachilengedwe chokhala ndi mapangidwe akeake, ndipo rock amapangidwa ndi ma mineral angapo. Mukayang'anitsitsa mwala wa granite mudzaona timadontho tooneka ngati galasi, tina toyera kapena tofiirira, tina takuda tonyezimira. Timeneto ndi quartz, feldspar ndi mica. Ore ndi mwala umene muli chitsulo kapena chuma china chokwanira kuti kukumba kupindule, monga bauxite, mmene mumachokera aluminiyamu wopangira mapoto, kapena mwala wa uranium wa ku Kayelekera ku Karonga. Gemstone ndi mwala wokongola wovala, monga ruby ndi sapphire wa ku Chimwadzulu ku Ntcheu kapena aquamarine wa ku Mzimba. Miyala yamtengo wapatali ndi precious stones nthawi zonse; "precious rocks" si Chingerezi, ngakhale ku America. Apanso dzanja lafikapo: wina anautola, anautsuka, anaudula, anauika pamphete.

Tifike kwa mng'ono wanu. Ku Britain ndi ku Ireland stone ndi muyeso wa kulemera. Stone imodzi ndi mapaundi 14, kapena kuti makilogalamu 6.35. Chiyambi chake n'chosavuta kuchimvetsa kwa aliyense amene anaonapo sikelo yakale ya pamsika: ogulitsa ankaika mwala weniweni mbali imodzi, katundu mbali inayo. Miyalayo inkasiyana malinga ndi dera ndi katundu, mpaka lamulo la 1835 linakhazikitsa mapaundi 14. Lero muyesowu watsala makamaka ponena za kulemera kwa munthu. Gogo wa "nine stone" ndi wa mapaundi 126, pafupifupi makilogalamu 57. Taonani kuti sanena "nine stones". Pa muyeso liwuli silichulukitsidwa. Anthu a ku America saugwiritsa ntchito, iwo amangowerenga mapaundi. Kwa munthu wosamalira okalamba nkhaniyi si yongodziwa chabe. Zipatala zimalemba m'makilogalamu, koma agogo ndi abale awo amalankhula m'ma stone. Wachibale akanena kuti mayi ake ataya "half a stone" mwezi uno, amenewo ndi makilogalamu opitirira atatu, ndipo kwa nkhalamba yochepa thupi n'zofunika kuuza namwino tsiku lomwelo. Muuzeni mng'ono wanu asunge nambala ya 6.35 pamtima.

Kuchokera pamenepa stone amafalikira ku tinthu tolimba tosiyanasiyana. Timiyala topangika mu impso ndi kidney stones, ta mu ndulu ndi gallstones. Matalala ndi hailstones. Njere yaikulu yolimba ya m'kati mwa mango kapena pichesi, Angerezi amaitcha stone, Aamerika amati pit, pamene tinjere ta lalanje ndi pips kapena seeds. Mphero ndi grinding stone kapena millstone, mwala wonolera mpeni ndi whetstone, mwala wolembedwa dzina pachiliza ndi tombstone kapena headstone, ndipo umene nduna imaika poyambitsa chitukuko ndi foundation stone. Milestone poyamba unali mwala wozikidwa m'mbali mwa msewu wosonyeza mitunda yotsala. Lero amanena za chinthu chachikulu chimene munthu kapena dziko lafikapo. M'mawu onsewa simungachotsemo stone n'kuikamo rock.

Pali msampha umodzi umene ndaona ngakhale omasulira nkhani pa wailesi akugweramo. Rock ali pawiri, ndipo winayo alibe chibale ndi mwala. Ndi mneni wakale wotanthauza kugwedeza uku ndi uku, monga mmene mayi amachitira ndi khanda pamsana kuti ligone. "She rocked the baby to sleep" mulibe mwala. Rocking chair ndi mpando wogwedera. "Don't rock the boat" ndi mawu amene aliyense wokwera bwato panyanja angawamve: usagwedeze, tingamire tonse, kutanthauza kuti usayambitse chisokonezo pamene zinthu zili bata. Nyuzipepala ikalemba kuti "the scandal has rocked the government", ife timati nkhaniyo yagwedeza boma, ndipo apa zilankhulo ziwirizi zagwirizana ndendende. Nyimbo za rock, zimene zinatchuka ku America m'zaka za m'ma 1950 ndi dzina lakuti rock and roll, zinatenga dzina pa kugwedezeka komweku. Stone naye ali ndi mneni wake: to stone ndi kugenda. Koma chenjerani ndi "he was stoned", chifukwa angatanthauze kuti anthu anamugenda, kapena kuti chamba chamukwera. Nkhani yonse ndiyo imakuuzani.

Pa zining'a lamulo la dzanja lija limathandiza pang'ono chabe. Zambiri muyenera kuziphunzira zathunthu, osasinthamo liwu. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndimachikonda. Ponena za munthu, rock ndi chiyamikiro, stone ndi chidzudzulo. "My mother is my rock" ndiye kuti mayi ndiwo mzati wanga, pothawira panga, osasunthika. "He has a heart of stone" ndiye kuti ndi wouma mtima, ndipo "a stony face" ndi nkhope yosaonetsa chifundo kapena chimwemwe. Thanthwe umabisalapo, mwala umazizira m'manja. Mwana akasokoneza n'kulembera mayi ake pakhadi kuti "you are my stone", wanena chinthu chimene sankafuna.

Zina n'zachidule. "Between a rock and a hard place" ndi kugwira njakata, uku kuli moto, uku kuli phompho. "Rock bottom" ndi pansi penipeni, monga wokumba chitsime akafika pathanthwe poti sangapitirire. Amanena za mitengo ya katundu ikatsikiratu, kapena za munthu amene mavuto amufikitsa pothera. Banja likakhala "on the rocks" ndiye kuti latsala pang'ono kutha, chithunzi chake ndi sitima yowomba matanthwe, koma m'bala mawu omwewo amatanthauza chakumwa chothira ayezi. "A stone's throw" ndi pafupi, kungodutsa msewu. "Not set in stone" ndiye kuti zikhoza kusintha, sizinamangidwe mfundo. Ndipo apolisi akalonjeza kuti "we will leave no stone unturned", chonde tisamasulire kuti sasiya mwala wosatembenuza. Mchewa sanena choncho. Akutanthauza kuti afufuza paliponse mpaka apeze chenicheni.

Mmene ndikanaphunzitsira kalasi yanu ndi motere. Lachisanu muwauze kuti Lolemba aliyense abwere ndi mwala umodzi umene wautola yekha, ndipo akumbukire pamene wautola. Muyale yonse pakhonde kuyambira waung'ono mpaka waukulu, rula ili pambali. Iwo okha asankhe kuti pebble ndi uti, cobble ndi uti, ndipo akangane, chifukwa mkanganowo ndi umene udzakhomereze mawuwo m'mutu. Wina atape timiyala ta mumsewu m'chitini kuti aone gravel, chinthu chimene sungachiwerenge chimodzichimodzi. Kenaka muwatulutse panja, muwalozere phiri la Dedza kapena thanthwe lililonse lapafupi, muwafunse ngati alipo angalibweretse pakhonde. Limenelo ndi rock. Mukabwerera m'kalasi aliyense alembe ziganizo ziwiri, china cha mwala wake, china cha chimene chinakanika kubwera.

Padzapezeka mwana mmodzi kapena awiri amene adzabwere ndi chidutswa cha njerwa kapena chigulumwa cha dothi louma la m'munda. Musawabweze, amenewo akupatsani mawu ena awiri aulere. Chidutswa cha njerwa ndi "a piece of brick", ndipo chigulumwa ndi clod. Muwapatse madzi m'beseni aviike zonse zitatu, mwala, njerwa ndi chigulumwa, aone chimene chiyambe kusungunuka.